Kodi Banja Ligwira Nchito Yanji?

M'zaka za m'ma 1950, munthu wa pa mgodi akamwalira ku Luanshya kapena ku Mufulira, mlandu sunali kutha tsiku loika maliro. Popita masiku owerengeka anali kufika a kumudzi, mbale wace wa malemuyo kapena mwana wa mlongo wace, nakhala pakhomo mwaulemu, nalira monga mwa mwambo. Ndipo atapukuta misozi anali kuyamba kuwerenga katundu: njinga, mabulangete, jekete la pa Sabata, makina osokera, ndi kawailesi kaja konga poto kamene kanayamba kugulitsidwa m'dziko muno m'caka ca 1949. Mkazi wamasiye anali kungopenya, ana ali pambali pace. Nyumba inali ya kampani, ndipo posacedwa anali kudzalowamo wanchito wina.

Alendo aja sanali mbala iai. Kwa Acewa, Ansenga, Abemba ndi mitundu yina yambiri ya kuno, munthu ndi wa kwa amace, ndipo cuma cace cibwerera ku bele limene anayamwa. Koma naye mkaziyo sanali kulira popanda cifukwa, pakuti ndiye anali kufulula mowa ndi kulima kadimba kuti ndalama za njingayo zikwane. Onse awiri anali kunena za banja, koma mabanja ace anali awiri osiyana. Funso limene linali pakati pao, lakuti banja nciani ndipo ligwira nchito yanji, ndi lomwelo limene anthu ophunzira a ku Ulaya ndi ku America analimbana nalo zaka zambiri. Ndipo mbali yaikulu ya mkangano wao inacitikira m'midzi ndi m'makomboni a dziko lino.

Ciyambi cace ciri kutali. Mngelezi wina dzina lace Herbert Spencer, amene anamwalira m'caka ca 1903, anaphunzitsa kuti mtundu wa anthu ufanana ndi thupi la munthu. Mtima, mapapu ndi mimba ziri zosiyana, koma ciwalo ciri conse ciri ndi nchito yace yosunga thupi lonse lamoyo. Mfalansa Emile Durkheim anapitiriza ganizo limeneli, nati wofuna kumvetsa mwambo uli wonse asangofunsa kumene unacokera, koma afunsenso cimene mwambowo ucita pogwirizanitsa anthu. Ciphunzitso cimeneci m'Cingelezi acicha functionalism, ndiye kuti kuyang'ana mwambo pa nchito yace. Pa ziwalo zonse za mtundu, cimene anaciyesa mtima ndico banja.

Amene anatenga ganizoli kulicotsa m'mabuku napita nalo pakati pa anthu ndi Bronislaw Malinowski, mbadwa ya ku Poland. Pakati pa 1915 ndi 1918 iye anakhala nthawi yaitali pa zilumba za Trobriand, kufupi ndi New Guinea, naphunzira cinenero ca eni dziko. Zimene anapeza kumeneko Mcewa sangazidabwe. Mwana anali wa pfuko la amace. Wolamula mnyamata ndi womsiyira cuma anali malume. Mwamuna akakolola zilazi, gawo lalikulu anali kupereka ku nyumba ya mlongo wace. Komabe atate anali kukonda ana ao, nawanyamula, nafuna kuwapatsa mobisa zinthu zimene mwambo unati nza ana a alongo ao. Malinowski anaona kuti cikondi ca atate ndi lamulo la malume zinali kukokana m'nyumba iri yonse. Atabwerera ku London anaphunzitsa ophunzira ace kuti asaweruze mwambo wa eni ace asanadziwe cimene udyetsa, cimene uteteza, ndi cimene cingagwe mwambowo utacotsedwa. Pa masiku amene amishoni ambiri anali kuyesa cinamwali ndi cikamwini zinthu za mumdima, mau amenewa anali acilendo ndithu.

Mmodzi wa ophunzira ace, mai Audrey Richards, anafika kwa Abemba m'caka ca 1930, nabweranso m'caka ca 1933. Iye sanayambe ndi mafumu kapena nkhondo zakale; anayamba ndi mphika. Anafunsa kuti adula mitengo ndani, aunjika nthambi ndani, nkhokwe nja yani, ndipo nsima ikapsa mbale zipita ku nyumba ziti. Anapeza kuti ulimi wa citemene unali kutsamira pa mkamwini. Mnyamata akakwatira anali kukakhala kwa apongozi ace, nakwera m'mitengo kusadza nthambi, ndipo akazi anali kuzikoka ndi kuziunjika kuti zitenthedwe, mawere afesedwe pa phulusa. Ukwati sunali wa anthu awiri okha. Unali njira imene mudzi unali kupezera manja a nchito, ndi imene nkhalamba zinali kudyera. Tsono pamene msonkho ndi migodi zinatenga anyamata, kotero kuti m'midzi yina panasowa pafupifupi theka la amuna amphamvu, cinthu coyamba kudwala cinali nkhokwe. Zimenezi anazilemba m'buku lace Land, Labour and Diet in Northern Rhodesia la 1939. Anaonereranso cinamwali ca atsikana m'caka ca 1931, ndipo m'buku la Chisungu, limene linaturuka m'caka ca 1956, anasonyeza kuti nyimbo ndi zoumba za anamkungwi zinali sukulu yeniyeni yokonzera mtsikana udindo wa umai.

Mai Richards ndiyenso anachula poyera mfundo imene yamanga mitundu yonse yotsata kwa amai. Mwamuna ali ndi ulamuliro pa mbumba yace, ndiwo alongo ace ndi ana ao. Koma iye mwini akhala ku mudzi wa mkazi wace, kumene ali mlendo, ndipo ana amene awaona m'mawa ndi madzulo ali m'manja mwa mwamuna wina. Adzasunga bwanji mbumba ali kutali, ndipo adzalamula bwanji nyumba imene si yace? Azungu anaciyesa cinthu cozunguza mutu. Acewa anali atacidziwa kale, ndipo ndico cifukwa cace anali ndi citengwa, cakuti mwamuna wokhulupirika apemphe kutenga mkazi kupita naye kwao. Ndico cifukwa cacenso akulu anati mkamwini ndi mlamba, sacedwa kuterereka.

M'caka ca 1937 Boma linatsegula nyumba ya kafukufuku ku Livingstone, yochedwa Rhodes-Livingstone Institute, ndipo mkulu wace woyamba anali Godfrey Wilson, wophunzira winanso wa Malinowski. Iyeyu sanapite kumidzi. Anapita ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, nayenda m'makomboni a mgodi ndi a njanji. Pa nthawiyo Boma ndi makampani anali kunena kuti munthu wakuda m'tauni ndi mlendo wa miyezi yocepa, banja lace lenileni liri kumudzi. Wilson atawerenga anapeza kuti amuna ambiri anali atatha zaka zocuruka m'tauni kuposa kumudzi cicokere kwao, ndipo ambiri anali ndi akazi ao pomwepo. Anasonyezanso cinthu cimene eni migodi sanakonde kucimva: malipiro anali kuyesedwa monga a mbeta yamphongo, ndipo mtolo wolera ana, wosunga odwala ndi wodyetsa nkhalamba zotha mphamvu unali kutulidwa pa midzi yosauka. Kunena kwina, banja la kumudzi linali kugwiradi nchito, koma phindu la nchitoyo linali kupita ku mgodi. M'caka ca 1940, caka ca sitalaka yaikulu ya ku Nkana ndi ku Mufulira, analetsedwa kulowanso m'komboni. Anali kumdandaula kuti azolowerana kwambiri ndi anthu akuda, ndiponso anali munthu wokana nkhondo. Anasiya nchito, ndipo anamwalira m'caka ca 1944, zolemba zace zitasindikizidwa m'zigawo ziwiri mu 1941 ndi 1942.

Atacoka iye, Max Gluckman anatenga mpando, natumiza anyamata ndi atsikana ophunzira ku mitundu yosiyanasiyana. John Barnes anakhala pakati pa Angoni a Mpezeni ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi Chipata, naona m'mene ukwati wa malowolo unasinthira ng'ombe zikwi zambiri zitalandidwa pa nkhondo ya 1898, ndiponso Angoni atakwatirana zaka zambiri ndi Ansenga ndi Acewa. Mai Elizabeth Colson anakhala kwa Atonga a ku Mazabuka, kumene khasu la ng'ombe ndi malonda a cimanga zinabala mkangano watsopano: mwana walima ndi atate wace zaka khumi, nagula nao ng'ombe ndi ngolo, koma atate akamwalira zonse zipita kwa a pfuko la amai ao a malemuyo. Pamene cuma cinali khasu ndi mphasa, panalibe wodandaula; cuma citakula, mwambo womwewo unayamba kuluma.

Za Acewa analemba ndi Max Marwick, amene anakhala m'midzi ya kum'mawa kuyambira 1946 ndi kubweranso mu 1952. Iye anasonkhanitsa milandu ya ufiti, nafunsa pa mlandu uli wonse kuti woganiziridwa ndani, wolodzedwa ndani, ndipo pali cibale canji pakati pao. Anapeza kuti anthu sanali kuloza cala mlendo wa kutali kawirikawiri. Anali kuloza abale a bele limodzi, amene alimbirana ufumu, ng'ombe, kapena ulamuliro wa mbumba. Cifukwa cace anacifotokoza motere. Mlandu wa pakati pa anthu osabadwirana upita ku bwalo, ulipidwa, nutha. Koma mbale sungamtengere ku bwalo, pakuti cibale ndi pfupa, siciola. Cotero mkwiyo ubisala mumtima kufikira mwana atadwala, ndipo pamenepo uturuka m'dzina la ufiti. Mudzi ukakula kopitirira, mau a ufiti ndiwo nkhwangwa imene idula cibale cimene sicikadaduka mwa njira yina, ndipo gulu limodzi lisamuka kukamanga mudzi wace. Buku lace linaturuka m'caka ca 1965.

Apa ndi pamene mphamvu ya ciphunzitsoci ioneka, ndipo ndi pomwepanso cilema cace cionekera. Nzoona kuti midzi yambiri inagawika motero, ndipo aliyense wokulira kumudzi angachule umodzi. Koma kunena kuti kunenerana ufiti kuli ndi nchito yace sikutonthoza nkhalamba imene yathamangitsidwa usiku, nyumba yace itatenthedwa. Munthu akazolowera kufunsa kuti mwambo uwu uthandiza bwanji mtundu, aiwala kufunsa kuti ulemetsa yani ndipo upweteka yani.

Ndipo pali anthu ena amene ayenera kukumbukiridwa. Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, koma sadziwa njira ya ku citsime. Amene anali kugogoda pa zitseko za m'komboni, kumasulira mau, ndi kulemba maina a anthu ogona m'nyumba iri yonse anali anyamata a dziko lino ophunzira ku sukulu za mishoni. Maina ao apezeka m'mau othokoza a kumayambiriro kwa mabuku, pamene pa cikuto pali dzina la wina.

Pamene zimenezi zinali kucitika kuno, ku America ciphunzitso comweci cinali kumangidwa mwa mtundu wina. M'caka ca 1949 George Murdock anayerekeza zolembedwa za mitundu 250 ya pa dziko lapansi, nanena kuti ponseponse pali kabanja ka mwamuna, mkazi ndi ana ao, ndipo kagwira nchito zinai: kuika malire pa za kugonana, kubala ana, kugawana nchito zopezera cakudya, ndi kuphunzitsa ana makhalidwe a mtundu wao. M'caka ca 1955 Talcott Parsons wa ku Harvard anapitirira pamenepo. Iye anati m'dziko la mafakitale banja lalikulu la agogo, amalume ndi azakhali liyenera kufota, cifukwa fakitale ifuna munthu wopepuka, wokhoza kunyamuka ndi mkazi ndi ana kupita kumene kuli nchito, ndipo imlemba cifukwa ca luso lace, osati cifukwa ca pfuko lace. Sukulu, cipatala ndi penshoni zitenga nchito zimene abale anali kugwira kale. Kabanja kakang'ono katsala ndi nchito ziwiri zokha: kuumba mtima wa mwana akali wamng'ono, ndi kupumitsa mtima wa munthu wamkulu pobwera kunchito. Anawonjeza kuti mwamuna ndiye wofuna cakudya kunja, mkazi ndiye wosunga mtendere m'nyumba. Mai wa ku Katete amene agwira khasu kuyambira mbandakuca, mwana ali kumbuyo, akadamva zimenezi akadaseka.

Ku migodi ya mkuwa kunali ngati malo oikidwiratu kuyesa mau a Parsons. Mosiyana ndi migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene amuna anali kutsekeredwa okhaokha, makampani a kuno analola akazi kukhala m'komboni kuyambira pa ciyambi, popeza anaona kuti munthu wokhala ndi mkazi adya bwino, sadwaladwala, ndipo sathawa nchito msanga. Itatha nkhondo yaciwiri, makamaka citakhazikika cigwirizano ca anchito a m'migodi m'caka ca 1949 pansi pa Lawrence Katilungu, anayamba kumanga nyumba zambiri za anthu okwatira, ndipo akazi anali kuitanidwa ku makalasi a kusoka, kuluka ndi kuphika. Nyumbazo zinali za zipinda zowerengeka, zoyesedwa pa mwamuna mmodzi, mkazi mmodzi ndi ana ao. Womanga nyumba anali atasankhiratu mtundu wa banja loyenera kukhalamo.

Koma ofufuza atalowa m'nyumbazo, monga A. L. Epstein anacitira ku Luanshya ndi ku Ndola, anapeza mphasa zambiri kuposa zimene womanga anawerengera. Munali mng'ono wa mwamuna wodzafuna nchito, mwana wa mlongo wodzaphunzira sukulu, apongozi odzaonetsa maso ku cipatala, ndi munthu wina wa mudzi woyandikana amene kumudzi sakadayesedwa mbale konse, koma m'tauni anasanduka mbale. Ana ena a mwini nyumba anali kumudzi kwa agogo ao. Maukwati ambiri anali kumangidwa ndi kumasuka m'tauni momwemo, kawirikawiri pakati pa anthu a mitundu yosiyana, ndipo akulu a makhoti a m'tauni, otumidwa ndi mafumu a kumidzi, anali kubvutika kuweruza kuti mwana wa Mngoni ndi mkazi wa Cibemba ndi wa yani, kapena wa mwamuna wa Cicewa ndi mkazi wa Cingoni. Kumene kunalibe ankhoswe enieni, mnansi kapena mkulu wa mpingo anali kuimirira m'malo mwao. Cibale sicinafote monga ananenera Parsons; cinasintha maonekedwe, nicigwira nchito zatsopano, za kupezera munthu malo ogona, nchito ndi ndalama za ulendo.

Ngakhale kwao komweko mau a Parsons sanakhale osatsutsidwa. M'caka ca 1957 Michael Young ndi Peter Willmott anapeza kuti ku Bethnal Green, ku mbali ya kum'mawa ya mzinda wa London, akazi okwatiwa anali kukhala pafupi ndi amai ao ndi kuonana nao pafupifupi tsiku ndi tsiku, cinthu cosasiyana kwenikweni ndi cikamwini. Peter Laslett, pofufuza m'mabuku akale a m'machalichi, anasonyeza kuti nyumba za ku England zinali za anthu ocepa kale mafakitale asanabwere. Cotero sikungakhale kuti fakitale ndiyo inacepetsa banja. Ndipo m'zaka za m'ma 1970 akazi ophunzira anafunsa kuti mtendere wa m'nyumba uja, umene mwamuna apumuliramo, aulipira ndani ndi thukuta lace, ndipo bwanji mabuku a nchito za banja sanena kanthu za mkazi womenyedwa.

Ciweruzo cacikulu cinadza ndi mtengo wa mkuwa. Unagwa m'caka ca 1975, ndipo kwa zaka zambiri sunadzukenso. Malipiro anatha mphamvu, penshoni inasanduka ya thumba limodzi la ufa, ndipo pofika nthawi yogulitsa migodi, pakati pa 1997 ndi 2000, anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito. James Ferguson, amene anaceza ndi anchito a ku Kitwe m'zaka za m'ma 1980, analemba m'buku lace la 1999 za amuna amene anakhala zaka makumi awiri kapena atatu m'tauni, ena osatumiza kanthu kwao, ndipo tsopano anali kubwerera kumudzi ndi mantha, kukapempha munda kwa abale omwe anawaiwala. Sukulu, cipatala ndi penshoni, zimene zinayenera kulowa m'malo mwa abale, ndizo zinayamba kufooka, ndipo mtolo unabwerera kumene Wilson anaupeza mu 1940. Pamene matenda a Edzi anatenga amuna ndi akazi a msinkhu wobala, ana amasiye ambiri analeredwa ndi agogo, azakhali ndi amalume, anthu omwe aja amene mabuku anati nchito yao yatha.

Nanga mlandu wa njinga ndi makina osokera? Unakhala zaka zambiri wopanda lamulo lolembedwa, ndipo kulanda katundu wa amasiye kunakula m'matauni, pakuti ena anali kutenga cuma monga mwa mwambo koma kusiya udindo wolera ana umene mwambo womwewo unaumanga pamodzi ndi cumaco. Mabungwe a akazi ndi mipingo anadandaula kufikira Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya kalata ya masiye. Linagawa cumaco pa zigawo 100 motere: 50 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira iye. Nyumba linaipereka kwa wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo akhalamo kufikira imfa yace kapena kufikira atalowa ukwati wina. Mwana wa mlongo, amene kale anali woyamba kuchulidwa, analowa pa zigawo 10 zija pokhapokha ngati malume wace anali kumsunga. Koma lamulolo silinakhudze minda ya m'dziko la mafumu, kapena cuma ca ufumu. Zimenezo linazisiya m'manja mwa mwambo, ndipo ku midzi ya Acewa munda ukali kutsata mbumba.